A Hmong Asimba za Kuthawa Kwao Kudzera m'Nyimbo ndi Zisudzo

A Hmong ndi mtundu wa anthu a m'mapiri a kum'mwera kwa China, Laos, Vietnam ndi Thailand. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam, bungwe la ukazitape la America, CIA, linalemba amuna ambiri a mtunduwu ku Laos m'gulu la nkhondo lotsogozedwa ndi General Vang Pao. Pamene gulu la cikomyunizimu la Pathet Lao linatenga boma mu 1975, a Hmong zikwizikwi anaoloka mtsinje wa Mekong poopa kuphedwa, nakakhala m'misasa ya othawa nkhondo ku Thailand. Pambuyo pake ambiri anatumizidwa ku America, makamaka ku California, Minnesota ndi Wisconsin.

Kuyambira kale, mtunduwu unkasunga mbiri yao pakamwa. Zilembo zimene ambiri amagwiritsa nchito lero zinakonzedwa m'zaka za m'ma 1950. Nkhani za cikondi, umasiye ndi kusiyana ndi abale zinkaimbidwa m'ndakatulo zochedwa kwv txhiaj, zimene woimba amapeka yekha, popanda ng'oma kapena coimbira cina.

Mwambo umenewu ndiwo unabala sewero lochedwa The Song Poet. Mai Kao Kalia Yang, amene anabadwira mu msasa wa Ban Vinai mu 1980 ndi kufika ku Minnesota mu 1987, analemba buku la dzinali mu 2016. Bukuli likamba za atate ao, a Bee Yang, woimba ndakatulo amene anakula ali mwana wamasiye ku Laos, nadzagwira nchito m'fakitale ku America kuti ana ao aphunzire.

M'mwezi wa March 2023, bungwe la Minnesota Opera, mogwirizana ndi Theater Mu, linaonetsa nkhaniyi mu mzinda wa Minneapolis ngati opera, sewero limene anthu amaimba m'malo molankhula. Mau anakonzedwa ndi Mai Yang, nyimbo ndi Mai Jocelyn Hagen. Iyi inali nkhani yoyamba ya a Hmong kuonetsedwa mwa njira imeneyi.

Akuluakulu amene anaoloka Mekong ndi ana kumbuyo akutha mmodzimmodzi, pamene adzukulu ao ambiri amalankhula Cingelezi koposa cinenero ca makolo. Cifukwa cace bwalo la zisudzo lasanduka malo amodzi kumene mibadwo iwiriyi imakhalira pamodzi kumva za ulendowo.