Anthu odziwika m'mbiri ya boma la Mulanje

Mulanje ndi boma la m'chigawo cha kummwera kwa Malawi, ndipo limachita malire ndi dziko la Mozambique. Dzina lake likuchokera ku phiri la Mulanje, lomwe nsonga yake, Sapitwa, ndi yotalika mamita 3,002. Mpaka chaka cha 1998, dera la Phalombe linali mbali ya bomali, choncho ena mwa anthu otchulidwa pano nkhani zawo zinachitikira kumene lero ndi ku Phalombe. Ambiri mwa iwo si eni nthaka. Chinawakoka ndi phiri, mvula yake yambiri, madzi ozizira a mitsinje ya Likhubula, Lichenya ndi Ruo, komanso nthaka yokomera tiyi.

Mafumu ndi azungu oyamba

David Livingstone analiona phirili mu 1859, koma anapeza anthu alipo kale: Amang'anja, ndipo posakhalitsa kunafika Ayao. Mfumu Chikumbu ndi mfumu Matipwiri, onse Ayao, ndiwo ankalamulira njira za malonda zopita ku Quelimane, momwe munkadutsa minyanga ndi akapolo. Pofuna kutseka njirazo, boma la atsamunda la Harry Johnston linamanga malinga a Fort Lister ndi Fort Anderson mu 1893, ndipo Matipwiri anagonja mu 1895.

M'busa Robert Cleland wa mpingo wa Church of Scotland ndi amene anayamba ntchito ya mishoni m'derali. Sanakhalitse, anamwalira mu 1890, koma mishoni ya Mulanje ilipobe pamodzi ndi chipatala chake. Chaka chotsatira, katswiri wa zomera Alexander Whyte anakwera phirili n'kutola zitsanzo za mtengo wa mkungudza. N'chifukwa chake m'mabuku a sayansi mtengowu umatchedwa Widdringtonia whytei, ngakhale kuti anthu a m'mphepete mwa phiri anali ataudziwa kalekale. Mu 1984 unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko.

Tiyi anafika ndi anthu awiri. Henry Brown, yemwe anali atalimako ku Ceylon, anatenga mbewu ku mishoni ya Blantyre n'kukadzala ku Thornwood mu 1891. Winayo ndi John Moir wa kampani ya African Lakes, amene anthu anam'patsa dzina loti Mandala chifukwa cha magalasi ake. Iye anakhazikika ku Lauderdale. Mayina a minda iwiriyi akadalipo. Amene anagwetsa mitengo, kulima mizere ndi kuthyola tiyiyo, ambiri mwa iwo Alhomwe ochokera ku Mozambique ogwira thangata, mabuku a nthawiyo sanawalembe mayina.

John Chilembwe

Chilembwe kwawo kunali ku Chiradzulu, koma moyo wake unathera m'boma lino. Kuukira kumene anayambitsa pa 23 Januwale 1915 kutalephereka, anathawa cholinga cha ku Mozambique. Pa 3 Febuluwale asilikali anam'peza asanaoloke malire ndipo anamuombera. Atsamunda anamuika m'manda mwachinsinsi, osaikapo chizindikiro, poopa kuti anthu angamapite kukalira pamalopo. Lero nkhope yake ili pa ndalama za dziko lino, ndipo amakumbukiridwa pa 15 Januwale.

Fred France ndi Laurens van der Post

Nkhani imene alendo okwera phiri amaimva kawirikawiri ndi ya Fred France, mnyamata wachizungu woyang'anira nkhalango, amene ankakhala pa Chambe ndi mkazi wake ndi mwana wakhanda. Mu 1949 kunabwera mlembi wa ku South Africa, Laurens van der Post, atatumidwa kudzaona ngati pamwamba pa Mulanje ndi pa Nyika pangachitike ulimi. France anam'perekeza. Ali m'njira anakumana ndi chiperoni, mvula yamvumbi ija yobwera ndi nkhungu, moti mtsinje wa Ruo unadzaza. France anadzimanga chingwe kuti ayambe ndiye kuoloka, madzi anam'kokolola n'kukam'ponya kuphompho. Van der Post anafotokoza za imfayi m'buku lake la Venture to the Interior, lomwe linatuluka mu 1952, ndipo m'menemo anam'sintha dzina n'kumutcha Vance. Kanyumba ka pa Chambe mpaka pano kamadziwika kuti France's Cottage.

Pali mphekesera ina yoti mlembi J. R. R. Tolkien anafika ku Mulanje ndipo phirili ndilo linam'patsa maganizo a mabuku ake. Imakoma kuikamba, koma Tolkien anachoka mu Africa ali ndi zaka zitatu ndipo sanabwererenso.

Andale

Kuyambira pamene ndale za zipani zambiri zinabwerera mu 1994, Mulanje watulutsa nduna zingapo. Brown Mpinganjira, phungu wa dera lapakati m'bomali, anali mmodzi wa akuluakulu a chipani cha UDF, kenaka anasemphana ndi Bakili Muluzi n'kuyambitsa gulu la NDA mu 2001. Mu 2004 anapikisana nawo pa mpando wa pulezidenti. Dera lomwelo linadzasankha Kondwani Nankhumwa, amene anatsogolera mbali yotsutsa boma m'Nyumba ya Malamulo kuyambira mu 2020, asanayambitse chipani chake cha PDP mu 2024. George Chaponda, loya amene anagwirapo ntchito ku United Nations, anakhalapo nduna ya maphunziro, ya zaulimi ndi yoona za ubale ndi mayiko ena. Patricia Kaliati, amene anthu amangoti Akweni, anali mphunzitsi asanakhale phungu wa kumadzulo kwa Mulanje ndi nduna yofalitsa nkhani.

Bingu wa Mutharika kwawo kunali ku Thyolo, komabe dzina lake silisowa pano: ndiye anayambitsa Mulhako wa Alhomwe, umene likulu lake lili pa Chonde, m'boma lino. Chaka chilichonse mu Okutobala, Alhomwe amasonkhana pamenepo kudzavina tchopa ndi kudya kalongonda.