Bambo uja ankafuna kutumiza amphaka ku Mars

Anzanga, kanema uja anazungulira pa gulu lathu la WhatsApp sabata yatha munamuona? Anyamata akulowetsana mumgolo, kenako n'kugubuduzana kutsetsereka, bambo wina wovala chisoti chachitsulo akulongosolera mzungu kuti awa akupita kumwezi. Tonse tinafa nako kuseka, ine ndemwe. Kenako ndinakhala pansi kuwerenga mbiri yake, ndipo zina zimene ndinapeza zinandidabwitsa.

Dzina lawo ndi Edward Mukuka Nkoloso, a ku Zambia konkuno. Anamenya nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse m'gulu la asilikali a Northern Rhodesia, atabwerako n'kukhala mphunzitsi wa sayansi, kenako n'kuyamba kulimbana ndi atsamunda mpaka kumangidwapo, pambuyo pake n'kulowa UNIP ya Kenneth Kaunda. Mu 1964, chaka chomwe ifenso tinalandira ufulu pa 6 July, iwo analengeza kuti Zambia ifika kumwezi America ndi Russia asanafikeko. Bungwe lawo ankalitchula Zambia National Academy of Science, Space Research and Philosophy. Dzina lalitali, koma malo ake anali famu yosiyidwa kunja kwa Lusaka.

Ophunzira awo ankawatcha ma Afronaut. Mgolo uja unali woti azolowere kuzunguzika kwa m'chombo, ndipo katungwe anali woti amve mmene thupi limapepukira mumlengalenga. Roketi yawo, D-Kalu 1, inkayenera kunyamuka pa 24 October 1964, tsiku la ufulu wa Zambia. Ku Mars kunkayenera kupita mtsikana wa zaka 17, Matha Mwamba, amphaka awiri ndi mmishonale. Analembera UNESCO kupempha mapaundi 7 miliyoni. Ndalamazo sizinabwere, boma linati silikudziwapo kanthu, Matha anatenga pakati makolo ake n'kudzamutenga, basi nkhani inathera pomwepo.

Apa ndi pomwe ambiri timalekera, koma pali kachinthu kena. A Nkoloso analemba kuti analangiza mmishonale uja kuti asakakakamize anthu a ku Mars kulowa chikhristu ngati sakufuna. Taganizani, munthu amene anakulira pansi pa atsamunda akulemba zimenezo mu 1964. Mlembi wa ku Zambia, Namwali Serpell, amene anawaika m'buku lake la The Old Drift, anafunsapo ngati bamboyu sankawaseka azungu omwe ankabwera kudzamuseka. Ine ndikuona ngati zonse ziwiri zinalipo, nthabwala ndi kulakalaka kwenikweni. Wamisala ayi: mu 1983 anatenga digiri ya zamalamulo ku University of Zambia, ndipo anamwalira mu 1989.

Tsono tiyeni tione dziko lina lomwe linali losauka nthawi yomweyo. Pa 21 November 1963, India inaulutsa roketi yake yoyamba pa mudzi wa asodzi wa Thumba. Roketiyo inali yochokera ku America, ofesi yawo inali m'tchalitchi, zida zina ankanyamulira pa njinga yakapalasa. Mu 1981 setilaiti yawo ina anaikweza pa ngolo ya ng'ombe poiyesa. Zithunzi zake n'zoseketsa ngati mgolo wa a Nkoloso, eti? Koma pa 23 August 2023, chombo chawo Chandrayaan-3 chinatera pamwezi. Kusiyana kwake n'kwakuti Vikram Sarabhai, yemwe ankatsogolera ntchitoyo, anali ndi boma kumbuyo kwake, ndalama chaka ndi chaka, komanso masukulu otulutsa mainjiniya. A Nkoloso anali okhaokha ndi chisoti chawo. Komanso Sarabhai sankathamangira mpikisano wa kumwezi. Iye ankafuna masetilaiti oonera nyengo ndi ofikitsa maphunziro kumidzi.

Pa nkhani ya nyengoyi ife a Blantyre sitifunika kuuzidwa zambiri. Namondwe Freddy anabadwira kufupi ndi Australia kumayambiriro a February 2023, ndipo masetilaiti anamulondola masabata asanu akudutsa nyanja yonse ya India mpaka kudzatipeza mu March. Masetilaitiwo sanali athu. Zithunzi zomwe akatswiri athu a zanyengo amagwiritsa ntchito zimachokera kwa eni ake kunja. Chenjezo linaperekedwa ndithu, pa wailesi linamveka, komabe matope ochokera m'phiri la Soche anakwirira mabanja ku Chilobwe ndi ku Manja, ena mwa inu munataya abale. Ku India, namondwe wa mu 1999 anapha anthu pafupifupi 10,000 ku Odisha. Wina wamphamvu atabwera dera lomwelo mu 2013, anasamutsa anthu pafupifupi 1 miliyoni nthawi ikadalipo, ndipo omwalira sanakwane 100. Kuona namondwe ali patali n'kofunika, koma pamafunikanso galimoto, malo othawirako ndi anthu okhulupirira uthengawo.

Mwina wina ati, aaa, ife ngakhale magetsi akutivuta, za mlengalenga n'zachani? Funso labwino, ndipo ine sindikunena kuti tikwere mgolo. Koma mlengalengamo tinalowamo kale ngati makasitomala. Mbale zazikulu zija za ku Kanjedza zinamangidwa kuti mafoni athu opita kunja azidutsa pa setilaiti. Mpira wa pa DStv umatsika kuchokera komweko, Starlink nayo inafika kuno mu 2023. Timalipira mwezi ndi mwezi, ndalama zakunja zomwe tikuti zikusowazo.

Anzathu oyandikana nawo ayambapo. Mu November 2022, Zimbabwe ndi Uganda anatumiza masetilaiti awo oyamba, ZimSat-1 ndi PearlAfricaSat-1. Musaganize kuti ndi zinthu zazikulu ngati minibasi, ayi. ZimSat-1 ndi kabokosi ka masentimita 10 mbali iliyonse, kokwana m'manja, komangidwa ndi mainjiniya a ku Zimbabwe omwe anapita kukaphunzira ku Kyushu Institute of Technology ku Japan. Ndi anthu amene tsiku lina anakhala m'kalasi ya Physics ngati ija tinkaithawa ku Fomu 3.

Loweruka tikakumana ndibwera ndi kanema yense wa a Nkoloso, osati kachidutswa kaja. Muzaonetsetse nkhope yawo pomwe akuyankha mtolankhaniyo, kenako tidzakambirane ngati ankaseka kapena ayi.