Mtengo wa Chikumbutso cha Ana

Uwu ndi mtengo umene banja, mpingo kapena sukulu imabzala pokumbukira ana amene adamwalira, ndipo kawirikawiri pambali pake pamaikidwa mwala wolembedwa mayina. Kwa Achewa si chachilendo kwenikweni, pakuti manda athu amakhala m'msitu womwe munthu sadulamo mtengo mwachisawawa. Kwa wofuna kubzala mtengo wotere ku Gaborone, likulu la Botswana, vuto ndi madzi. Mvula imagwa pafupifupi mamilimita 500 pachaka, yambiri pakati pa Novembala ndi Malichi, choncho mbande yobzalidwa m'chilimwe siichedwa kuuma. N'kwanzeru kusankha mitengo yachilengedwe yopirira chilala, monga mfula, umene Atswana amati morula. Mfula umabereka ukakhala waukazi wokha, ndiye wofuna zipatso afunse ogulitsa mbande.