Mbiri ya Mphambano ya Njanji ya pa Nkaya

Amayi anzanga, ambiri a ife tinadutsapo pa Nkaya m'boma la Balaka, koma ndi oŵerengeka amene amadziŵa chimene malowo anatchukira. Si tauni ayi. Munthu akhoza kupitirirapo ali mtulo osadziŵa kuti wadutsa pamalo ofunika. Komatu ndi pamenepo pamene njanji za dziko lathu zimakumanirana.

Njanji yoyamba inachokera ku chigwa cha Shire ndipo inafika ku Blantyre mu 1908. Azungu anaimanga kuti azitulutsira thonje, tiyi ndi fodya. Mu 1935 mlatho waukulu wa Dona Ana pa mtsinje wa Zambezi unatha kumangidwa, ndipo chaka chomwecho njanji yochokera ku Blantyre inafika ku Salima kudzera pa Balaka. Masiku amenewo pa Nkaya panalibe mphambano. Njanji inali imodzi, ndipo katundu yense wopita kunja ankatsikira ku doko la Beira.

Titalandira ufulu mu 1964, boma la Dr. Kamuzu Banda linaona kuti kudalira njira imodzi nkudziika pangozi. Dziko lathu lilibe gombe la nyanja ya mchere, tsono khomo limodzilo likatsekeka tonse tatsekeredwa m'nyumba. Ndiponso ku Beira mchenga umadzaza m'njira ya sitima za pamadzi, pamene ku Nacala madzi ngakuya mwachilengedwe, sitima zazikulu zimakocheza bwinobwino. Kotero boma linakongola ndalama ku South Africa nkumanga njanji yatsopano ya makilomita 101. Inayambira pa Nkaya, kuwoloka Shire pa Liwonde, mpaka ku Nayuchi kumalire, kumene inalumikizana ndi njanji ya Apwitikizi yopita ku Cuamba, Nampula ndi Nacala. Inatsegulidwa mu 1970, ndipo Nkaya anasanduka mphambano chaka chimenecho. Njanji itafika ku Lilongwe mu 1979 ndi ku Mchinji mu 1980, fodya ndi mtedza wa m'Chigawo cha Pakati zinayambanso kudzera pomwepo.

Koma chimwemwe sichinakhalitse. Ku Mozambique kunabuka nkhondo pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo, ndipo njanji zinali m'gulu la zinthu zoyamba kuonongedwa. Pofika mu 1984 njira zonse ziŵiri, ya Beira ndi ya Nacala, zinali zitatsekeka, ndipo mu 1986 mlatho wa Dona Ana unaphulitsidwa. Katundu wathu anayamba kuzungulira pa malole mpaka ku Durban ndi ku Dar es Salaam, ulendo wautali koopsa. Ife amayi sitinasoŵe wotiuza, tinazionera m'sitolo. Mchere, parafini ndi feteleza zinakwera mtengo, chifukwa ndalama za mtunda wonsewo ankalipira ndi wogula. Ana a masiku ano akamva za nkhondo imeneyi amaganiza za othaŵa kwawo okha, amene anafika pafupifupi miliyoni imodzi m'dziko muno, osadziŵa kuti inaloŵanso m'khitchini mwa mayi aliyense. Kuyambira mu 1987 asilikali a Malaŵi anatumizidwa kukalondera njanji ya Nacala mkati mwa Mozambique, ndipo ena a iwo sanabwerere kwa akazi awo ndi ana awo. Mtendere unasainidwa ku Rome mu 1992.

Tisaiŵale sitima ya anthu. Ndiyo inali galimoto ya osauka, makamaka kumidzi ya ku Machinga kumene msewu unali wovuta nthaŵi ya dzinja. Amayi ankakwera ndi matumba a mpunga, madengu a matemba a ku Chilwa, nkhuku ndi mitolo ya nkhuni, mwana ali kumbuyo. Ena ankadikirira pasiteshoni ndi nthochi, chimanga chootcha ndi zitumbuwa, kugulitsira pazenera. Fizi ya ana ambiri inachokera m'malichero amenewo, ngakhale mabuku a mbiri satchula zimenezi.

Mu 1997 madzi osefukira anadula njanji pa Chiromo, ndipo njira ya Nacala ndiyo inali yokhayo yofika kunyanja. Mu 1999 boma linapereka njanji m'manja mwa kampani ya Central East African Railways. Pambuyo pake kampani ya Vale ya ku Brazil, imene inkakumba malasha ku Moatize m'chigawo cha Tete, inaona kuti njira yachidule yopita ku Nacala njodutsa m'Malaŵi. Inamanga njanji ina kudzera m'maboma a Chikwawa, Mwanza ndi Neno, nkudzailumikiza pa Nkaya pomwepo. Njira yonseyo, ya makilomita 912, inatsegulidwa mwamwambo mu 2017, ndipo mu 2022 Vale inagulitsa mgodi ndi njanjiyo kwa kampani ya Vulcan.

Malashawo si athu, amangodutsa, ndipo sitima yake ikamapita munthu amatopa nkuŵerenga mabogi. Komabe chifukwa cha malasha omwewo njanji ya ku Nayuchi, imene inali itakalamba, inakonzedwanso, ndipo feteleza, tirigu ndi mafuta a galimoto zinapeza poyenda kuchokera ku Nacala.