Chipoka ndi Malo a Mbiri Ozungulira Dokoli

Chipoka ndi doko la pa Nyanja ya Malawi, kum'mwera kwa tauni ya Salima. Njanji yochokera ku Blantyre inafika ku Salima mu 1935, ndipo pa Chipoka mpamene inayandikira madzi, kotero katundu ankatsitsidwa m'sitima ya pamtunda n'kukwezedwa m'ya pamadzi. Popita ku Chipoka, wochokera ku Lifuwu, kwawo kwa mpunga, amadzera pa Salima n'kutsata msewu wa M5.

Kupitirira Chipoka, kufupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, kuli Mishoni ya Mua, yomwe ansembe a White Fathers anaikhazikitsa mu 1902. Kumeneko n'koyenera kuswera tsiku lonse. Bambo Claude Boucher, amene anthu anawapatsa dzina loti Chisale, anayambitsa malo a zaluso a Kungoni mu 1976. M'nyumba yosungira mbiri ya pamalopo, yotchedwa Chamare, muli zigoba za Gule Wamkulu mazanamazana, zina zofiira psuu, zina zamano otuluka ndi nthenga kumutu, chilichonse ndi dzina lake ndi mwambo womwe chimaphunzitsa. Zipinda zake zimafotokozanso chikhalidwe cha Angoni ndi Ayao.

Kumpoto kwa Chipoka kuli doko lakale la Nkhotakota, kumene wamalonda wotchedwa Jumbe ankawolotsa akapolo pa zombo kupita kutsidya. Mtengo womwe David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860 umasonyezedwabe kwa alendo. Bishopu Chauncy Maples, yemwe anamira m'nyanja mu 1895, anaikidwa pa tchalitchi cha Angilikani cha All Saints komweko.