Nyambo yolemera kuposa mlingo wa ndodo yowedzera

Pafupi ndi chogwirira cha ndodo yowedzera ya m'sitolo pamalembedwa timanambala timene asodzi ambiri satiyang'ana. Tina timanena kutalika kwa ndodoyo, tina mphamvu ya chingwe choyenera, pamene tina, monga 10-30g kapena 1/4-3/4 oz, timanena kulemera kwa nyambo imene ndodoyo inapangidwira kuponya. Ounce imodzi ndi magalamu 28 ndi pang'ono, kotero 1/4-3/4 oz ndi magalamu 7 mpaka 21.

Mlingowu sunena za kukula kwa nsomba. Ndodo ya magalamu 30 ikhoza kuvuula nsomba ya makilogalamu angapo, chifukwa nsomba ikakoka kwambiri, buleki ya chokulungira chingwe imamasula chingwecho pang'onopang'ono. Poponya palibe chothandiza chotere. Katundu yense amagwera ndodo m'kanthawi kochepa.

Msodzi akamaponya, nyambo imatsalira m'mbuyo n'kupinda ndodo, ndipo ndodoyo powongoka imakankha nyamboyo ngati uta. Nyambo yopepukitsa siipinda ndodo mokwanira, choncho imagwera pafupi. Yolemeretsa imaipinda mpaka kuchogwirira, ndodo imachedwa kuwongoka, ndipo nyambo imapita mopendama, kawirikawiri osafikanso patali pamene msodzi amafuna. Ndodo zambiri zimaponya bwino nyambo ya pakatikati pa mlingo wake. Powerengera kulemerako, mbedza, mtovu ndi chilichonse chokolekedwa kumapeto kwa chingwe ziyenera kuphatikizidwa.

Chimene chimathyola ndodo si kulemera kokha ayi, koma kulemera pamodzi ndi liwiro. Nyambo ikamazungulira kumapeto kwa chingwe, liwiro lake likawirikiza kawiri kukoka kwake kumawirikiza kanayi. N'chifukwa chake msodzi wodekha amatha kuponya supuni yachitsulo ya magalamu 35 ndi ndodo ya magalamu 30 tsiku lonse popanda vuto, pamene mnzake wotsalima mwamphamvu amaithyola poyamba pomwe. Wopitirira mlingo pang'ono ayenera kusiya chingwe chotalikirapo kunsonga, kuyamba kuponya mwapang'onopang'ono, ndi kuonjezera mphamvu mosadzidzimutsa. Kuwirikiza kawiri mlingo wolembedwawo ndi nkhani ina. Kumeneko n'kuika ndodo pachiswe, ngakhale dzanja likhale lofatsa chotani.

Zimene ndodo inapangidwira nazo zili ndi gawo. Ya graphite ndi yopepuka ndipo imamva msanga nsomba ikagunda, koma sichenjeza: imangoti thyo, makamaka chakunsonga kapena polumikizira zigawo. Ya fibreglass ndi yolemera koma yopirira. Ndodo imene inapanidwapo ndi chitseko cha galimoto kapena kumenyetsedwa pamwala imakhala ndi mng'alu wosaoneka, ndipo nyambo yolemera imangomalizitsa zimene zinayamba kale. Ogula ndodo zogwiritsidwapo kale ntchito ayenera kukumbukira zimenezi. Komanso makampani alibe muyeso umodzi: ena amalemba mlingo wotsika dala, ena amakokomeza, moti ndodo ziwiri zolembedwa 10-30g zingasiyane ndithu.

Chiyeso chopitirira mlingo chimabwera msodzi akasintha malo. Ndodo yopepuka yowedzera bass m'madamu imaoneka yoperewera pamiyala ya m'mbali mwa nyanja ya Malawi, kumene wofuna ncheni kapena sungwa amalakalaka kufikitsa nyambo pakuya. N'chimodzimodzinso kumunsi kwa mathithi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, kumene kumapezeka tigerfish ndipo madzi othamanga amafuna nyambo yolemera. Kumeneko ndodo yachiwiri yolimbirapo ndi yotchipa kusiyana ndi kuthyola yoyambayo.

Kuthyoka kwa ndodo kumangoluzitsa ndalama. Choopsa kwenikweni ndi kuduka kwa chingwe pakati poponya, chifukwa nyambo yachitsulo yokhala ndi mbedza za mano atatu imauluka kumene palibe anailozetsa, ndipo m'mbali mwa madzi simusowa ana osambira ndi amayi ochapa. Asodzi a m'magombe a Britain, amene amaponya mitovu yolemera, ali ndi lamulo lawo lodziwika: kutsogolo kwa chingwe amalumikizako china chokhuthala, chopirira mapaundi 10, omwe ndi makilogalamu pafupifupi 4.5, pa ounce iliyonse ya mtovu. Chingwe chokhuthalacho chimakhala chachitali mokwanira kuti chizungulire kangapo pachokulungira, kuti mfundo yolumikizira isakhale ndiyo yosenza katundu poponya.

Wowedza ali m'bwato, amene amangotsitsa nyambo pansi osaiponya, mlingowu sumukhudza kwambiri, pakuti ndodo yake sikumana ndi kudzidzimuka kuja. Komabe nyambo zooneka ngati kansomba zokhala ndi mlomo waukulu, zimene zimamira pozikoka, zimapinda ndodo koposa mmene kulemera kwake kumasonyezera, ndipo ndodo yofewa imatopetsa mkono ola lisanathe.