Preset

Mawu akuti preset ndi a Chingerezi, ndipo opanga nyimbo pa kompyuta amawatchula tsiku ndi tsiku. Amatanthauza makonzedwe osungidwa kale: pamene batani lililonse ndi nambala iliyonse zinali panthawi imene kamvekedwe kanakoma, kuti udzazibwezeretse mwa kungodina kamodzi.

Mawuwa amamveka kwambiri pakati pa ogwiritsa ntchito Max ndi Pure Data, mapulogalamu amene anayambitsidwa ndi Miller Puckette. Max inabadwira ku bungwe la IRCAM mumzinda wa Paris m'zaka za m'ma 1980, Pure Data n'kubwera m'ma 1990. M'menemu sulemba mizere ya malamulo ayi, umangolumikiza timabokosi ndi tizingwe, ndipo chonsecho chimatchedwa patch. Tsono vuto nali: ukasunga patch, timabokosi ndi tizingwe timasungika bwinobwino, koma manambala ambiri amene wachezera usiku wonse kusintha amabwerera pa 0 ukadzatsegulanso. Zimawawa kwabasi.

Mu Max muli kabokosi kotchedwa preset, kodzaza ndi timadontho. Ukagwira Shift n'kudina kadontho, wasunga. Kudina chabe ndiye kubwezeretsa. Kabokosi kena, pattrstorage, kamaposa pamenepo, ndipo kwa ine ndiko kokoma, chifukwa kamatha kuchoka pa preset ina kunka pa inzake pang'onopang'ono, kamvekedwe n'kumasintha kosadumpha. Pure Data ndi youmirako manja pa nkhaniyi. Ambiri amadalira loadbang, imene imadzutsa uthenga wa manambala patch ikangotsegulidwa, koma manambalawo uyenera kuwalemba wekha.